Dothi Lowawasa

Malemu amene tasonkhanira pano anabadwa pa 9 Juni 1953, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo okonzerako sitima zapamtunda, kumene bambo awo ankagwira ntchito yothira girizi m'mawilo. Anali omaliza m'banja la ana atatu. Wachiwiri anamwalira ali wakhanda, choncho anakula awiri okha, malemuwa ndi alongo awo aakulu amene anasiyana nawo zaka zisanu. Ambiri a inu mumawadziwa alongo awowa ndi dzina lakuti Akapitawo. Anawapatsa dzinali ndi malemu omwewa adakali mwana, atatopa ndi kutumidwa, ndipo linawakanirira mpaka lero. Mbiri ino alemba ndi iwo. Apempha kuti iwerengedwe yonse osadumpha ndime, komanso kuti ofuna kulira ayambe adikira ithe, chifukwa amene akhala kumbuyo sakumva.

Mu Januwale 1960 malemu anayamba sukulu. Sanali mwana wovuta, komanso sanali mwana wachangu. Ukawatuma kukagula mchere unkawapeza atanyonyomala m'mbali mwa msewu akuyang'ana udzu, kugolosale asanafike n'komwe. Aphunzitsi ankati mutu uli bwino koma maso amakhala pawindo. Makope awo a masamu ankatha msanga, chifukwa kuseri kwa tsamba lililonse ankajambulako tsamba la mtengo, mitsempha yake yonse ikuoneka bwinobwino.

Pa 21 Epulo 1966 bambo awo anamwalira, ndipo mayi awo, amene anali odwaladwala kale, sanapezenso mphamvu. Nyumba inagwera m'manja mwa Akapitawo ali ndi zaka 18. Anatsegula dimba la tomato ndi kabichi kumunsi kwa mzere wa nyumba n'kumagulitsa pamsika, ndipo dimba limenelo ndi limene linalera malemu. Mu 1968 malemu anakhoza mayeso omaliza a pulayimale ndipo ankafuna kupitiriza. Akapitawo anagamula okha kuti munthu wokonda kuyang'ana udzu aziyang'ana udzuwo akulandira malipiro. Sanawafunse. Anawagwira dzanja, ali ndi zaka 15, n'kukwera nawo mtunda mpaka pageti la nyumba yopumuliramo odwala chifuwa, pamwamba pa phiri, kumene ankafuna munthu wothirira maluwa. Patapita zaka malemu ankanena moseka kuti palibe tsiku limene alongo awo anawachitira zabwino ngati limenelo. Akapitawo sanadziwe ngati ankanena zoona kapena ankangowapepuza mtima, ndipo sanafunse.

Anayamba ntchito pa 6 Januwale 1969. Kumtundako kunkazizira, nkhungu inkachoka mochedwa, ndipo m'dimbamo munali maluwa amene kumunsi kuno sitinkawadziwa. Sanali maluwa obzala chaka ndi chaka ayi, zinali zitsamba zokhalitsa, zina zolekeza m'chiuno, zina zopitirira munthu. Panali azaliya, amene akachita maluwa masamba saoneka. Panali rododendironi, wa masamba okhuthala ndi maluwa ounjikana ngati chibakera. Panalinso erika, wa timasamba tonga singano ndi timaluwa tonga timabelu. Malemu ankati onsewa ndi pachibale ndipo khalidwe lawo ndi limodzi. Anthu atamva kuti mnyamata uja akulima zitsamba, ena ankabwera kunyumba kudzafunsa mankhwala a msana.

Mkulu wa dimbalo, bambo wachikulire wotsimphina, anawaphunzitsa ntchito kwa zaka khumi ndi zisanu. Zimene anaphunzira tizinena pano, chifukwa popanda izo mbiriyi siimveka. Zitsamba zimenezi zimafuna dothi lowawasa, longa la pansi pa mitengo ya paini pamene masamba awolerana zaka zambiri. Dothi limene mlimi wa kabichi amadandaula nalo ndi limene izo zimakondwa nalo. Mizu yake ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo imayenda pamwamba penipeni, choncho khasu silifika pafupi. Udzu umazulidwa ndi zala, pansi n'kuphimbira ndi masamba a paini. Sizifuna laimu, sizifuna phulusa, sizifuna manyowa aawisi. Madzi ake ndi amvula, chifukwa a pampopi a kuno amasiya zoyera m'ketulo, ndipo zoyerazo ndi laimu yemweyo. Malemu anazinena zimenezi patebulo, paukwati, pamaliro, m'basi, kwa zaka makumi asanu. Akapitawo nthawi zambiri analipo. Ankamva kuti munthu akuyankhula, maganizo ali pa tomato amene akupsa kudimba.

Pa 12 Ogasiti 1978 anakwatira mayi amene akhala apawa, omwe nthawi imeneyo ankachapa ndi kusita nsalu za pabedi kunyumba ya odwala komweko. Anadziwana chifukwa chokangana. Mayi anataya madzi a sopo pansi pa azaliya, malemu n'kuwalalatira, munthu amene sankalalatira ngakhale galu. Mawa lake anapita kukapepesa, ndipo kupepesako kunatenga zaka ziwiri. Pa tsiku la ukwati anabweretsa azaliya asanu ndi mmodzi m'zitini n'kuwandandika kutsogolo kwa holo. Akapitawo anafunsa pagulu ngati amenewo aphikidwa ndi tomato kapena adyedwa aawisi. Anthu anaseka kwambiri, malemunso anaseka nawo. Kuyambira pamenepo banja lonse linkatchula maluwa awo kuti Zosadyeka, ndipo ana anabadwa n'kulipeza dzinalo lilipo kale.

Mulungu anawapatsa ana awiri, wamkazi mu 1980, amene lero ndi mphunzitsi, ndi wamwamuna mu 1983, amene amayendetsa galimoto zonyamula katundu. Onse awiri anawaphunzitsa mpaka pamene eni ake anafuna kulekezera. Pa nkhani ya sukulu ya ana malemu sankalandira uphungu wa munthu aliyense, ngakhale wa alongo awo. Akapitawo anazindikira chifukwa chake, ndipo pa nkhani yokhayo anatseka pakamwa.

Mu 1984 mkulu wa dimba uja atapuma, malemu analowa m'malo mwake, akuyang'anira anthu asanu ndi atatu. Mu 1991 anatumizidwa ku maphunziro a miyezi itatu a kasamalidwe ka nazale, ndipo satifiketi yake ili pakhoma pabalaza, pamwamba pa wailesi. Luso lawo lalikulu linali lochulukitsa mbewu popanda kugula. Ankasankha nthambi yam'munsi, kuikanda pang'ono, kuigoneka pansi, kuipsinja ndi mwala, n'kuiiwala chaka chathunthu kapena ziwiri mpaka itamera mizu yakeyake. Kudulira ankadulira maluwa akangofota, osadikira ngakhale mwezi, chifukwa ankati wochedwa ndi sizasi amadula maluwa a chaka chamawa. Odwala amene sankatha kuyenda ankawanyamula pa mipando kukawakhazika pakati pa zitsambazo dzuwa likatuluka, ndipo anamwino a kumeneko ankati m'mwezi wa maluwa anthu ankatsokomola pang'ono. Malemu ankaibwereza nkhani imeneyi kawirikawiri. Ife tinkaseka.

Mu Meyi 2004 nyumba ya odwala ija inatsekedwa, ndipo amene anagula malowo anafuna poimika magalimoto pamene panali dimba. Malemu anapatsidwa masiku awiri kuti atenge zimene angathe thirakitala isanalowe. Ndi wilibala imodzi ndi lole yopempha, anapulumutsa zitsamba 43 mwa mazanamazana. Kuseri kwa nyumba ino kunali kabichi amene Akapitawo anawabzalira ndi manja awo, atatsala milungu itatu kuti akhwime. Malemu anamuzula yense. Akapitawo atafika n'kupeza kabichi ali mulu pakhonde, Zosadyeka zili m'mizere, ananena mawu amene sitiwabwereza pamaso pa abusa, ndipo sanapondenso pakhomo pano miyezi isanu ndi iwiri. Amene anayamba kupita kwa mnzake ndi malemu, atanyamula paketi ya mbewu ya kabichi. Anaiika patebulo, anamwa tiyi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuyambira chaka chimenecho ntchito yawo inali kuseri kwa nyumba. Ankapalasa njinga ulendo wa maola awiri kupita kunkhalango ya paini, kukatenga dothi ndi masamba m'matumba. Anabzala mitengo iwiri ya mthunzi wopepuka. Anamanga thanki pansi pa denga kuti madzi amvula asatayike, n'kuikhoma loko. Mayi ankati m'nyumba muno anthu timamwa a pampopi, a kumwamba ndi a akazi aang'ono a kuseri. Chaka chilichonse mu Seputembala kuseriko kunkayaka, ofiira, oyera, apinki, mpanda osaoneka. Anthu odutsa ankaima kusuzumira, akwati ankapempha kudzajambulitsa, ndipo malemu ankawalola bola asaponde mkati mwa mizere. Akapitawo ankabwera, kuyang'ana kamodzi, n'kufunsa kuti malo onsewa akanatulutsa matumba angati a anyezi. Sananenepo kuti n'zokongola. Ankaona kuti n'zokongola, koma munthu ukaseketsa gulu paukwati zimavuta kubwerera.

Mu Novembala 2021 malemu anayamba kutupa miyendo ndi kubanika akakwera kamtunda. Madokotala anapeza kuti mtima wakula ndipo ukupopa mofooka. Anamwa mankhwala chaka ndi theka, njinga anaisiya, matumba a paini ankawabweretsera ndi mwana wawo akadutsa ndi galimoto. Pa 3 Julayi 2023 m'mawa analephera kupuma bwino, ndipo anauzidwa kuti akagonekedwe. Mayi anayenera kukakhala nawo kuchipatala, ana ali kutali ndi ntchito, choncho makiyi a nyumba ndi a thanki anasiyidwa m'manja mwa Akapitawo.

Pano tafika pa ndime imene ena a m'banja anapempha kuti ichotsedwe. Siichotsedwa.

M'mawa umenewo takisi inali pageti ikuliza hutala, Akapitawo akulonga m'chikwama matawulo, sopo ndi makadi a kuchipatala. Malemu anaima pakhomo la kukhitchini akupuma movutikira, anawagwira mkono n'kuloza kuseri. Anati dothi lake ndi lowawasa, asamale. Anafuna kuwonjezera zina, koma Akapitawo anati amva, amva, munthu akubanika n'kumakamba za maluwa, n'kuwakankhira m'galimoto.

Anamvadi, koma anamva ngati mlimi wa kabichi. Kwa iwo dothi lowawasa ndi dothi lodwala. Alangizi a zaulimi anawaphunzitsa kalekale kuti likawawasa umalithira laimu, ukasowa laimu phulusa, ndipo kwa zaka zonsezi dimba lawo linkavomereza zimenezo. Anaganiza kuti mlongo wawo wavomera tsopano kuti munda wake uli ndi vuto, ndipo akuwapempha kuti aukonze. Kunena zoona, anakondwa. Anafuna kuti malemu akatuluka adzapeze maluwa atanenepa, inde. Koma anafunanso kuti adzaone ndi maso awo mmene mlimi weniweni amagwirira ntchito. Zonse ziwiri zinali mumtima mwawo, ndipo mpaka lero sangathe kunena chimene chinali chachikulu.

Pa 5 Julayi anabwera ndi khasu. Masamba a paini amene anaphimbira pansi anawaona ngati zinyalala za munthu wodwala amene walephera kusesa, choncho anawasesa onse n'kuwatentha. Anapalira mozama kuzungulira chitsamba chilichonse, akumva timizu tikuduka pansi pa khasu, iwo n'kumati ndi udzu. Anapita kwa ophika buledi a kumapeto kwa msewu uno n'kupempha phulusa la mu uvuni, matumba asanu ndi limodzi. Anawonjezera zitosi za nkhuku zawo, zaziwisi. Madzi a m'thanki anaona kuti ndi abwino kuchapira zofunda za wodwala, poti amachita thovu msanga, ndipo maluwa ankawathira a pampopi pamodzi ndi otsala pochapa, chifukwa iwo sataya madzi. Ntchito yonseyi inawatengera masiku asanu ndi anayi, mayi wa zaka 75, ndipo anaigwira mwakhama. Sanadumphe chitsamba ngakhale chimodzi.

Pofika kumayambiriro a Ogasiti masamba anayamba kuchita chikasu, mitsempha yokha ndiyo inatsala yobiriwira. Akapitawo anati imeneyi ndi njala, n'kuwonjezera phulusa. Timitu ta maluwa, timene tinali titatupa kale kudikira Seputembala, tinada n'kuyamba kuyoyoka. Masamba anapsa m'mphepete ngati awauka ndi moto. Pa 20 Ogasiti Akapitawo anapinda nthambi ya chitsamba chapafupi ndi thanki, inangoti thyo ngati nkhuni. Tsiku limenelo anakhala pa sitepe ya kukhitchini, ndipo mawu onse a zaka makumi asanu aja, amene ankaganiza kuti sanawamve, anabwera okha limodzilimodzi. Khasu ayi. Phulusa ayi. Madzi amvula okha. Anali m'mutu mwawo nthawi yonseyi.

Anakawauza alamu awo pakhonde la chipatala, pafupi ndi mpopi wotsukira mbale. Mayi anakhala pansi pa simenti. Kenako anagwirizana awiriwo kuti wodwala asamve, poti adokotala anali atanena kuti mtima umenewu sufuna kudzidzimutsidwa. Kwa milungu itatu ndi theka Akapitawo ananama. Ankabwera masana alionse ndi chakudya, ndipo malemu asanavundukule n'komwe mbale ankafunsa za kuseri, chimodzichimodzi ndi maina ake: ngati Mkwatibwi watsegula, ngati Waulesi wayamba kutupa, ngati wa pathanki sakupsa ndi dzuwa. Akapitawo, amene sankadziwa kuti Mkwatibwi ndi uti, ankayankha kuti onse ali bwino, adye chakudya chisanazizire. Malemu ankawerenga masiku pa kalendala ya m'wodi, n'kumauza anamwino kuti ayenera kutuluka Seputembala asanafike pakati, chifukwa kunyumba kukubwera alendo amene amafika kamodzi pachaka. Ankameta ndevu tsiku lililonse, kukonzekera.

Pa 14 Seputembala adokotala anakana kuwatulutsa, ndipo malemu anapempha kuti poti iwo sapita, awabweretsere kanthambi kamodzi ka maluwa. M'mawa wa pa 15 Akapitawo anazungulira zitsamba zonse 43 kawiri, ndipo sanapeze duwa ngakhale limodzi, kapena tsamba loti n'kuonetsa munthu. Pageti la chipatala pamakhala mayi wogulitsa maluwa a m'miphika. Anagula azaliya wofiira, anadula kanthambi ndi mpeni wa m'chikwama, mphikawo n'kuukankhira pansi pa benchi, nalowa.

Malemu analandira kanthambiko ndi manja awiri. Anakatembenuza, anayang'ana kunsi kwa masamba, anakanunkhiza. Kenako anauza anamwino amene ankasintha botolo la madzi kuti alembe tsikuli penapake, chifukwa alongo awo, amene chibadwire sanagulepo duwa, lero agula. Anati wofiira wa maluwa opiringizana chonchi iwo sanakhalepo naye. Anakaika kanthambiko m'kapu ya madzi, n'kuyang'ana manja a Akapitawo.

"Phulusa kapena laimu?"

"Phulusa, achimwene."

"Ndi khasu lomwe?"

"Ndi khasu lomwe."

Malemu anatembenukira kukhoma. Akapitawo anaima pomwepo atagwira chikwama, kudikira kulalatiridwa, ndipo akanakonda atalalatiridwa. Panapita nthawi yokwana kuwiritsa madzi a tiyi kawiri. Malemu atatembenukanso anapempha pepala ndi cholembera, nati alongo awo akhale pansi alembe, ndipo ulendo uno asanene kuti amva mpaka iwo atamaliza.

Pepalalo lilipo. Likuti akande khungwa la chitsamba chilichonse ndi chikhadabo. Chimene mkati mwake muli mouma achisiye, chimene muli mobiriwira achikumbe motalikira, ndi foloko ya m'dimba. Agwedeze dothi la phulusa lichoke, atsuke mizu m'beseni la madzi amvula, adule nthambi theka, abzale m'zidebe zobowola pansi, m'dothi la kunkhalango lokhalokha, aike pamthunzi, aphimbire. Asathire china chilichonse, ngakhale mtima uwauze bwanji kuti zili ndi njala. Mawu omalizawo anawauza kuti awalembe kawiri.

Kuyambira pa 18 mpaka pa 21 Seputembala Akapitawo anachita zonse monga mwa pepala, mwana wamwamuna wa malemu atabweretsa dothi. Madzi a m'thanki anali atathera kuchapa, choncho anayenda khomo ndi khomo ndi chigubu, kupempha kwa amene ali ndi mathanki. Mwa zitsamba 43, zobiriwira mkati zinapezeka zisanu ndi ziwiri. Atakanena kuchipatala, malemu anafunsa kuti ndi ziti, ndipo iwo anafotokoza potchula malo, poti maina sawadziwa. Atatchula chachikulu cha pakona, chimene chinatambalala mpaka kupanikizira zinzake kumpanda, malemu anaseka mpaka kutsokomola, mayinso anabisa nkhope m'manja. Chitsamba chimenecho, kwa zaka 19, dzina lake linali Akapitawo. Nyumba yonse inkadziwa kupatula mwini dzina. Malemu anati ankadziwa kuti ameneyo safa wamba.

Kumeneko kunali kuseka kwawo komaliza kumene ife tinamva. Sanadzudzule munthu. Anati kulakwa kunali kwawo, chifukwa nkhani yaikulu anainenera pakhomo takisi ikudikira. Akapitawo sakuvomereza zimenezo. Munthu amene wanena chinthu zaka makumi asanu sananenere pakhomo. Koma kuyambira tsiku la kanthambi lija malemu analeka kuyang'ana kalendala. Sanafunsenso adokotala za kutuluka. Lezala linakhala m'kabati, chakudya chinkabwerera theka, kenako chonse. Ankafunsabe za zisanu ndi ziwiri zija, koma mofatsa, monga mmene munthu amafunsira za ana a eni ake.

Anamwalira Lolemba pa 2 Okutobala 2023, nthawi ya 9 koloko m'mawa, mayi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 70.

Akapitawo anafunsa adokotala katatu, masiku osiyana, ngati nkhani ya maluwa inafulumizitsa imfayi. Katatu konse adokotala anati mtima unali utatha kale, ukanaimabe mwezi womwewo kapena wotsatira. Ndi dokotala wabwino, ndipo mwina akunena zoona. Koma Akapitawo amadziwa kuwerenga, ndipo kuchoka pa 15 Seputembala kufika pa 2 Okutobala ndi masiku 17. Sakupempha kuti wina abwere kudzawatonthoza pa nkhaniyi, ndipo amene ayesapo kale akudziwa mmene zinathera. Chimene akufuna n'chakuti inu amene musuzumire kuseriko n'kupeza kuli mbee, musapite kwanu mukunena kuti malemu anatayirira munda wawo atadwala. Sanautayirire. Anausiya uli bwino, m'manja mwa mlongo wawo.

Malemu asiya mayi a kunyumba, amene akhala nawo zaka 45, ana awiri, mkamwini ndi mpongozi, adzukulu asanu, ndi mlongo mmodzi.

Banja likuthokoza adokotala ndi anamwino a wodi ya amuna, amene anawasamalira miyezi itatu ndipo anamvetsera nkhani za maluwa kuposa mmene ife abale tinachitira. Likuthokoza oyendetsa takisi amene ankanyamula mayi ngakhale pa Sabata, abusa ndi mpingo wonse, ndi anzawo atatu a ntchito a kuphiri amene abwera ngakhale miyendo ikukana. Likuthokoza oyandikana nafe amene anapereka madzi amvula osafunsa mafunso. Ophika buledi, amene nkhaniyi mwaimva lero, mulibe mlandu, munangopereka zimene munapemphedwa. Amene mwabweretsa nkhata za maluwa zikomo. Mwini wake akanakuuzani dzina la duwa lililonse, ife sititha.

Pomaliza pali chidziwitso. Kuseri kwa nyumba kwamangidwa chingwe, ndipo mkati mwake muli zidebe zisanu ndi ziwiri. Amayi amene mukuphika, phulusa la pamoto wanu mukalitaye kudzenje la kugeti, madzi otsukira mbale ndi osamba m'manja chimodzimodzi. Ana asalowe. Amene muli ndi thanki, chigubu chili pakhonde. Zitsamba ziwiri zatulutsa timasamba sabata ino. Zisanuzo sizinanene kanthu, ndipo pepala likuti tisazifunse mpaka mvula itagwa. Akapitawo asamukira kuno, kuchipinda chakumbuyo, mwa chilolezo cha alamu awo. Khasu alisiya kwawo.

Malemu anali munthu wofatsa amene anaidziwa ntchito yake, ndipo anainena momveka kwa aliyense amene anafuna kumva. Mulungu awalandire, awapumulitse ku zowawa zawo, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.